Chitenje cha Nkhanga pa Benchi ya Lachiwiri

Ana anga, mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanayambe kuiwala, ngati kuti mwaona kale zizindikiro. Chabwino, ndamva. Za ubwana wanga ndikudumpha, munazimva kale mpaka kutopa nazo. Chigawo chino ndi cha unamwino wanga m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo, makamaka nkhani ya chithunzi chija chimene chili pakhoma pabalaza, chimene iwe Pilirani umandifunsa ulendo uliwonse ukabwera. Maina a anthu ndawasintha dala, ndipo mwini nkhani ndinakamupempha kaye ndisanagwire cholembera. Anandilola uku akuseka.

M'zaka za m'ma 1980

Nditamaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba ananditumiza ku kiliniki yaing'ono ya pa esiteti ina ya kumtunda, kumene nkhungu imagona mpaka dzuwa litakwera. Basi inanditsitsa pamsewu waukulu, ndipo kuchokera pamenepo ndinakwera thirakitala yonyamula masamba a tiyi, nditakhalira sutikesi yanga yachitsulo. Ndinali nditavaliratu yunifomu yoyera kuti anthu adziwe kuti kwabwera munthu wophunzira. Pofika inali itafiira psuu ndi dothi la kuno. Amene anandilandira anali a Mulipa, mkulu wa kilinikiyo, bambo wamfupi wadazi amene sankavula tayi ngakhale pozula dzino. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Mosheliwa?" Ine mwana wa ku Ntcheu kukamwa yasa! Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati, "Ndakupatsani moni wa m'mawa chabe, anesi, sindinakutukwaneni. Chilomwe adzakuphunzitsani ndi odwala. Ine ndikuphunzitsani chinthu chimodzi. Pa esiteti palibe mlendo. Amene mwamubaya jakisoni m'mawa, madzulo mukumana naye pampopi, Lamulungu muimba naye kwaya. Ndiye zimene mwaona muno muzizikoleka pamsomali pamodzi ndi epuloni yanu poweruka."

Ntchito inali yokoma koma yosowa zida. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe kuseri, masingano tinkawiritsa pa pulayimasi, ndipo ambulansi yathu inali thirakitala yomwe ija inandibweretsa. Mayi akavutika pobereka tinkamugoneka pamatumba, ine pambali pake nditanyamula botolo la diripi m'mwamba, tikudumphadumpha mpaka ku chipatala chachikulu. Foni kunalibe, tikafuna thandizo tinkatuma mlonda pa njinga. Koma musaganize kuti nkhani zinkayenda pang'onopang'ono ayi. Mayi akabereka mapasa m'mawa, pofika nthawi yoyeza tiyi pa sikelo masana esiteti yonse inali itadziwa, mpaka kuti wamng'onoyo wafanana ndi ndani. Chomwe tinkasamala ife chinali chakuti nkhaniyo isachokere pakamwa pathu.

Bambo anu ndinawadziwira komweko. Anabwera atadzicheka chala ku fakitale, ndinawamanga, ndinawauza kuti abwerenso kudzasintha bandeji. Anabweradi, nabweranso, nabweranso, chala chitapola kalekale. Tsiku lina a Mulipa anachigwira chalacho, nachitembenuza uku ndi uku, nati, "Anesi, chala ichi chilibe mlandu. Matenda otsalawo si a kiliniki ino, atumizeni kwa amalume anu." Akamakuuzani kuti ndine ndinawafuna, mudziwe kuti akunama.

M'ma 1990 mpaka m'ma 2000

A Mulipa atapuma anandisamutsira ku kiliniki ya kumunsi, pafupi ndi nyumba za antchito zimene timazitcha malaini, ndipo kumeneko ndinakhala mkulu mpaka kupuma kwanga. Anthu anasiya kunditcha anesi, ndinasanduka a Sisita. Bwana wanga anali a Matroni a ku chipatala chachikulu cha esiteti, mayi wamtali wosaseka wamba. Akabwera kudzayendera sankayamba ndi moni, ankayamba ndi kupititsa chala pawindo kuti aone fumbi. Ndinkawaopa, koma anali achilungamo, ndipo mankhwala akatha ankamenya nkhondo mpaka apezeke.

Zaka zimenezo zinali zowawa, sindibisa. Edzi inatilowerera m'malaini, tinaika anthu amene ndinawabadwitsira ana, tinaika anzathu a kwaya, mpaka mawu anatha ndi nyimbo za maliro. Sindikhalitsapo, chifukwa mtima umandipweteka. Chimene ndikufuna mudziwe n'chakuti mankhwala otalikitsa moyo atafika ndinaona zodabwitsa ndi maso angawa. Anthu amene anabwera atanyamulidwa pa njinga, patapita miyezi anabereka dengu kumsana kubwerera m'munda, kunenepa mpaka kundidandaulira kuti masiketi awathina. Tinaika Lachiwiri kuti likhale tsiku lolandira mankhwalawo, ndipo tinaika benchi pakhonde lakuseri, pafupi ndi chitseko chobiriwira, pamene mpanda wa maluwa unkabisa anthu kwa odutsa pamsewu. Aliyense pa esiteti ankadziwa tanthauzo la benchi imeneyo Lachiwiri, koma munthu wolongosoka akamadutsa ankayang'ana kumbali. Tinakhala choncho zaka zambiri popanda vuto.

Cha m'ma 2016

Foni yamakono unandigulira ndiwe Pilirani, ndipo ukukumbuka mmene unavutikira kundiphunzitsa. Ndinkaidinikiza ngati ndikupima mimba. Mlungu woyamba womwe ndinafuna kutumizira bambo anu mawu pa Watsapu. Ndinalankhula momasuka ndithu: "Inu, pobwera mugule bonya, koma osati wamchenga ngati wa dzana uja, mano anga si a boma." Abale, mawuwo anapita ku gulu la mpingo! Abusa anayankha kuti "Ameni", ndipo mpaka lero amayi ena akandiona pamsika amandifunsa za mchenga. Nditazolowera ndinaikonda foniyo. Tinali ndi gulu la anamwino a makiliniki onse a esiteti, mankhwala a malungo akatha kwa ine ndinkangofunsa, wina n'kunditumizira tsiku lomwelo. Ambulansi yeniyeni inali itabwera, ndipo ndinkaiitana nditakhala pampando. Ndinkaganiza za mlonda uja ndi njinga yake, ndinkati ana a masiku ano ali ndi mwayi.

Nthawi yomweyo ananditumizira namwino watsopano, Tadala, mtsikana wobadwira ndi kukulira ku Blantyre. Koma mwana ameneyo! Manja ofewa, mtsempha wa khanda ankaupeza kamodzi kokha, ndipo agogo ovuta amene ankakana jakisoni kwa ine, kwa iye ankapereka mkono akumwetulira. Ndinamukonda ngati mmodzi wa inu, Lamulungu ankadya kwathu. Matenda ake anali amodzi: kudzijambula. Akaluka tsitsi, chithunzi. Akagula nsapato, chithunzi. Chikho cha tiyi chomwe chinkajambulidwa chisanamwedwe. Zonsezo ankaika pa sitetasi, paja aliyense amene ali ndi nambala yako amaona. Ndinkamuseka kuti, "Iwe Tadala, nkhope imeneyo idzatha ndi kujambula." Ndinamuuza za epuloni ya a Mulipa, ndipo anandilonjeza kuti nkhope ya wodwala sadzaionetsa. Lonjezo limenelo analisunga ndithu, vuto linadzera kwina.

Chaka chotsatira, nyengo ya chiperoni

Panali mayi wina wothyola tiyi, wamasiye, amene ndimutcha a Falesi. Anali munthu wofatsa, wosachedwa pa mankhwala ake, ndipo kupatula ife a kiliniki ndi mwana wawo wamkazi, sanauzepo munthu za mthupi mwawo. Mwanayo, tinene kuti Lonjezo, anali atapeza mnyamata wa ku Masambanjati, ndipo chinkhoswe chinali chitakonzedwa kumapeto kwa mwezi. Masiku omwewo achimwene awo a a Falesi anawabweretsera chitenje kuchokera ku Mozambiki, chachikasu, chokhala ndi nkhanga zakuda zamawangamawanga. Atachivala kutchalitchi amayi onse anachigwiragwira potuluka, chifukwa pa esiteti yonse panalibe china chotero.

Lachitatu lina m'mawa ndinaima pamsika kugula nthochi. Mayi wogulitsa anasuzumira uku ndi uku, natulutsa foni m'chitenje, nati, "A Sisita, taonani. Awa si a Falesi awa?" Ndinayang'ana. Kutsogolo kunali Tadala, mano onse panja, tsitsi latsopano, pansi atalemba kuti ntchito ikuyenda, Mulungu ndi wabwino. Kumbuyo kwake kunali chitseko chobiriwira, benchi ija, ndi mayi atakhala chotembenukira kumbali, msana ukuoneka. Pamutu pa mayiyo Tadala anali atamatapo kamtima kofiira kuti nkhope isaoneke. Koma kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi, nkhanga zili mbwee! Ndinati, "Ine ndikuona kamtima kofiira basi. Nthochi izi munadula zosakhwima," n'kuchokapo osagula.

Ndinamupeza Tadala akukonza thireyi, akuimba. Ndinatseka chitseko n'kumufunsa za chithunzicho. Anati, "Kuseriko kuwala kumakhala bwino, a Sisita. Ndinawaona mayiwo nditajambula kale, ndiye ndinawaphimba nkhope. Palibe angawadziwe." Ndinati, "Wogulitsa nthochi wawadziwa." Anachifufuta pomwepo, koma madzi akatayika sawoleka. Nambala yake anali nayo makalaliki, anyamata a kwaya, oyendetsa mathirakitala, ndipo wina anali atachisunga kale n'kuchitumiza kwa anzake. Tadala anagwada pansi pa simenti akulira. "A Sisita, chonde musanene kwa a Matroni. Andichotsa ntchito. Mayi anga akamva adwala."

Pa ntchito yanga yonse palibe chinandivuta ngati chimenecho. Masana ndinalephera kudya. Bambo anu, mukudziwa mtima wawo, anati, "Mayi a Pilirani, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwamukalipira, wafufuta, zithere pomwepo." Ndinati, "Nanga a Falesi si mwana wa munthu?" Anangopitiriza kusenda mbatata yawo. Zoona ndinkafuna kumubisa mwanayo, ndinkamumvera chisoni kwambiri. Koma ndinadziwa kuti ndikabisa, anthu a m'malaini adzati a kiliniki amaphimbirana, ndipo Lachiwiri lotsatira benchi idzakhala yopanda munthu. Munthu akasiya mankhwala amenewo chifukwa cha manyazi, ine ndinali nditaona kale kumene amathera. Ndinabwerera ku kiliniki n'kumuuza kuti, "Mawa tipita kwa a Matroni, ukanena wekha ndi pakamwa pako, ine ndikhala pambali pako. Koma lero tiyamba kwa mwini msana."

Tinawapeza a Falesi ataweruka, akusenda chinangwa choti ayanike makaka. Anatiyalira mphasa, anatipatsa moni mwaulemu ngati palibe chachitika, koma maso anali ofiira. Tadala anagwada nati, "Mayi, ndakulakwirani. Ndinakuphimbani nkhope, ndimayesa kuti palibe angakudziweni."

A Falesi anaika mpeni pansi. "Mwanawe, unayamba waimapo pamtunda n'kuyang'ana m'munda ife tikuthyola? Umaona nkhope ya ndani? Tsiku lonse timakhala choweramira, dengu kumsana. Kapitawo amatiitana maina ali kutali, maso athu asanawaone. Kuno munthu timamudziwira kumsana, chitenje ndi kamangidwe ka duku. Ukanaphimba nkhanga zangazo n'kusiya nkhope, mwina ena akanakayika." Anaseka pang'ono, kenako kuseka kunatha. "Ine mankhwala anga sindichita nawo manyazi, ndi amene andifikitsa pano kuti ndione chinkhoswe cha mwana wanga. Lonjezo akudziwa, ndipo mnyamata wakeyo anamva kale kuchokera kwa iye. Koma matendawa ndi anga, wowanena ndine, tsiku limene ndafuna, kwa munthu amene ndafuna. Iwe wandilanda pakamwa."

Kenako anatiuza chimene chinawaliza. Chithunzicho chinali chitafika kale ku Masambanjati, kwa azakhali ake a mnyamata, mayi amene mawu ake pabanjapo sabwezedwa. Wina anawatumizira n'kulemba kuti mayi wa mpongozi wanu ndi awa. Azakhaliwo anali asanawaonepo a Falesi, popeza zonse ankayendetsa ndi ankhoswe, koma anatumiza mawu akuti pa tsiku la chinkhoswe abwera kudzaona okha mayi wa chitenje cha nkhanga, ndipo zikakhala zoona, mwana wa achimwene awo sakwatira kubanja lodwala. "Ndikanangochibisa chitenjecho," anatero a Falesi, "koma esiteti yonse inandiona nacho. Wina adzawalozera basi." Tinabwerera, Tadala akusisima njira yonse.

A Matroni anamumvetsera mpaka kumaliza, nkhope ili gwa. Anamuimitsa ntchito kwa kanthawi ndi chenjezo lamphamvu, nati akanabisa akanamuchotseratu, ndipo nkhani ikanapita kwa akuluakulu oona za unamwino. Atatero anatembenukira kwa ine. "Nanunso Sisita, benchi imene mwana aliyense akudziwa tanthauzo lake, imeneyo si benchi, ndi chikwangwani. Muganizepo." Ndinati ndamva, mayi. Potuluka anapititsabe chala pawindo la ofesi yawo yomwe.

Lachisanu ndinamva mawu kuchokera kugeti, ndinadziwiratu kuti ndi a Edesi. Mayi ameneyu anali mtsogoleri wa gulu limene a Falesi ankathyola nalo, ndipo anthu ankamutcha Sayirini chifukwa akaitana munthu ali kutsidya, a ku fakitale ankayesa kuti nthawi yoweruka yakwana. Nkhani ikafika kwa iye inali itafika kwa onse. Ndinati mumtima, Ambuye, lero ndiye zathera pano. Analowa, natseka chitseko ndi chidendene, nakhala osauzidwa.

Ndinawayambirira. "A Edesi, ngati mwabwera kudzafunsa za munthu, pakamwa panga n'potseka."

"Wakufunsani ndani?" anatero. "Ife maso tili nawo, ndipo zimene taona sizikutikhudza. Ine ndabwera kudzafunsa ngati mukufuna chitenje chokha kapena ndi cha bulauzi chomwe."

Ndinawafunsa kuti chitenje chanji. Anandifotokozera. Paja pachinkhoswe amayi a kuchikazi timasankha chitenje chimodzi kuti tivale mofanana, ndipo cha Lonjezo anali atasankha kale cha maluwa obiriwira. Atamva za azakhali aja, amayi a gulu lawo anakumana pa sikelo n'kusintha. Anatuma mayi wina wa geni amene amapita kumalire a Mozambiki kuti akasake nkhanga zachikasu, ndipo anazipeza, mpukutu wathunthu. "Nkhanga zinapangana kusanapse, a Sisita," anatero akudzimenya pantchafu. "Nanga kamtsikana kanu kojambula kali kuti?" Ndinati kali kunyumba, kaimitsidwa ntchito. "Kauzeni nako kavale. Kabwere kadzatsuke mbale, koma foni kasiye." Atatuluka ndinakhala ndekha n'kulira, ndipo sindikuchita manyazi kulemba zimenezi.

Lachiwiri lotsatira ndinatsegula chitseko chobiriwira ndi mantha kuti ndipeza benchi ili pululu. Koma inu! Benchi yodzaza, khonde lodzaza, ena pa udzu, onse nkhanga zokhazokha. A Edesi anati abwera kudzayezetsa kuthamanga kwa magazi, ati ntchito ikuwazunguza mutu onse nthawi imodzi. Ndinapopa makina mpaka mkono kufa dzanzi. Pakati pawo, eni tsikulo analandira mankhwala awo mwakachetechete, ndipo palibe wodutsa akanasiyanitsa kuti uyu wabwerera chiyani. Ena amene anabwera mwa nthabwala, atalowa m'chipinda anapempha kuyezetsa zinanso, koma zimenezo zinatsala pamsomali.

Loweruka la chinkhoswe chiperoni chinaleka, kunja kunayera. A kuchimuna anafika pa lole yaing'ono akuimba, ndipo azakhali sanasowe: mayi wojintcha, magalasi pamphuno, foni m'manja. Anatsika, nayang'ana pa foni, nakweza maso. Ophika, nkhanga. Otunga madzi, nkhanga. Olulutira pakhomo, nkhanga. Tadala kuseri akutsuka mbale, nkhanga. Ine mayi wanu, chitenje ndi bulauzi yomwe. Anavula magalasi, napukuta, navalanso. A Edesi anawathamangira, nagwada mwaulemu wonse nati, "Takulandirani, amayi. Mukuoneka ngati mukufuna munthu."

Azakhali anazengereza, kenako anawaonetsa foni. "Ndimafuna mwini chitenje ichi."

A Edesi anachiyang'anitsitsa, mutu atapendeketsa. "Aaa, koma msana uwu ngati wanga. Kapena wa a Sisita? A Sisita, tatembenukani tione!" Ndinatembenuka. Amayi onse pabwalo anatembenuka nane, misana yokhayokha, ena akugwedeza m'chiuno. Anthu anafa nacho chiseko, mpaka anyamata a pa lole anagwirana mapewa. A Edesi anadikira phokoso lichepe, nati ndi mawu awo onse aja, "Benchi imeneyo tonse timakhalapo, amayi. Nanunso mukafuna bwerani Lachiwiri, malo alipo."

Azakhali anayang'ana mwana wa achimwene awo. Mnyamatayo sanagwetse maso, anangoti, "Azakhali, tabwera kuchinkhoswe." Foni inalowa m'chikwama ndipo sinatulukenso. Mwambo unayenda bwino, ankhoswe anapatsana tambala ndi msoti, tinadya kalongonda, nyemba zija za Alomwe, mpaka kumasula malamba, ndipo pofika madzulo azakhali anali pakati pa bwalo akuvina kuposa atsikana. Potsanzika anadandaula kuti aliyense wavala nkhanga kupatula iwo. A Falesi, amene tsikulo anavala chatsopano cha pampukutu, analowa m'nyumba, natuluka ndi chakale chija, chenichenicho cha pa chithunzi, nawamanga nacho m'chiuno ndi manja awo. "Tsopano ndife amodzi, asewere," anatero. Azakhali anakwera nacho lole akunyadira. Ine ndinathawira kuseri kwa khitchini kukaseka, ndinapeza Tadala akuseka uku misozi ikugwera m'mbale.

Mpaka kupuma kwanga

Benchi ya Lachiwiri tinaithetsa. Aliyense anayamba kudikira pakhonde limodzi, wa malungo, wa sikelo ya mwana, wa mankhwala a mwezi, tsiku lililonse. Tadala atabwerera ku ntchito anakapempha kadengu kakale ka tiyi n'kukaika pakhomo pa ofesi, kuti mafoni athu azigona mmenemo nthawi ya ntchito, kupatula imodzi yoitanira ambulansi. Yanga ndi imene inkavuta kulowamo, chifukwa ndinali nditasanduka adimini wa gulu la amayi a mpingo. Anamwino atsopano akabwera ankawaphunzitsa ndi iye, ndipo ankayamba ndi nkhani yake yomwe, osadzibisa. Ankawauza kuti m'kati mwa mpanda wa kiliniki sajambula, ngakhale maluwa, chifukwa sudziwa chili kumbuyo kwako. Ankawauzanso kuti kulemba pa gulu kuti lero kunabwera mayi wina wa laini ya kufakitale amene mwamuna wake ndi mlonda, kumeneko n'kutchula dzina. Kudzijambula sanasiye ayi, koma ankachitira kunyumba, khoma lopanda kanthu kumbuyo. Nditapuma a Matroni anamusankha kulowa m'malo mwanga, ndipo ndinasangalala kwambiri. Lonjezo ali pabanja pake mpaka lero, ana ake awiri oyamba anabadwira m'manja mwa Tadala.

Tsiku londitsanzika, amayi a m'malaini anabwera atavala nkhanga zija, zina zitasuluka, zina zitasanduka mbereko. Tinatuluka kunja kwa mpanda, pamsewu, tiyi ali kumbuyo kwathu. Tadala anatenga foni yake m'dengu, koma asanajambule anayenda kwa mayi aliyense payekha kufunsa ngati akulola, ndiponso ngati chithunzicho chingakapachikidwe kwanga. Anachedwa nazo mpaka a Edesi anakuwa, "Jambula mwana iwe, mano auma!" N'chifukwa chake tonse pamenepo tikuseka pakamwa pali yasa.

Chithunzi chake ndi chimenecho, Pilirani. Sichinapite pa sitetasi ya munthu, ndipo nawenso usadzachijambule ndi foni yakoyo ine nditapita. Ndikudziwa kuti ukawerenga izi ubwera, uima pakhoma paja, uyamba kuloza ndi chala kuti amayi, tsono a Falesi ndi ati pamenepa? Ndikuyankhiretu kuti usavutike ndi ulendo. Ndi amene avala chitenje cha nkhanga.